Masitampa a Malemu Loke

"Ndayamba kuligwira ndine!"

"Kugwira si kugula, mayi. Chotsani dzanjalo, mulipaka mafuta."

Awiriwa ankalimbirana buku la masitampa m'nyumba ya malemu Bambo Loke mumzinda wa Ipoh. Ana a malemuwo ankagulitsa chilichonse, ndi masipuni omwe, kuti abwerere msanga kunja komwe amakhala. Uku kunali Bambo Selvam, wamalonda a masitampa akale. Uko kunali Mayi Geok, wogulitsa khofi kutsidya kwa msewu, atakolekera m'khwapa kamgolo kachitsulo koda ndi mwaye komwe anali atangogula pakhonde.

"Mwapeza kale kamgolo kanu, kazipitani," anatero Selvam. "Izi si za aliyense."

Mayi Geok anatembenukira kwa Siew Peng, mwana wamkazi wa malemuwo. "Mwanangu, chonde. Bukuli lokha."

"Wopereka zambiri atenge, azakhali," anayankha Siew Peng, maso ali pa foni. "Ife bambo tinawachitira zonse. Tinawaotchera nyumba yapepala, galimoto yapepala, ndi wantchito wapepala yemwe, monga mwa mwambo wathu, kuti akazilandire kwa akufa. Kumene aliko sakusowa kanthu."

Mayi Geok anayamba kuvula chibangiri cha mwala wobiriwira, chokhacho chomwe amayi ake anamusiyira. Chinakana. Anachikoka mpaka khungu linasupuka, n'kuchiika patebulo.

"Mwapenga kodi?" anafunsa Selvam. "Mukuidziwa n'komwe sitampa ya mutu wa mfumukaziyi?"

"Imeneyo malemuwa ankaitchula kuti apongozi, chifukwa siseka."

Selvam anafuna kuseka, koma atayang'ana nkhope ya mayiyo analeka.

"Madzulo aliwonse ndikamatseka, ankawoloka msewu ndi bukuli," anapitiriza Mayi Geok. "Amvekere, 'Geok, lero tipite kuti?' Ine n'kuloza sitampa imodzi, basi tanyamuka. Tinafika kumaiko achisanu, tinakwera sitima zapamadzi, khofi akuzizira patebulo. Imvi zinatimera tili pa ulendo. Mawu achikondi iye sanawanene, inenso sindinawanene. Tsopano inu mukufuna mukazule maiko athuwa, mukagulitse limodzilimodzi kwa anthu osamudziwa."

Ngakhale Siew Peng anatsitsa foni.

Selvam anayang'ananso mfumukazi ija. Anali ataisakasaka kuyambira ali mnyamata, ndipo lero inali pansi pa chala chake. Anapumira m'mwamba, n'kukankhira bukulo kwa mayiyo.

"Tengani, chemwali. Ine ndikanaligulitsa, inu mulisunga."

Siew Peng analandira chibangiri chija, malonda n'kutha. Mayi Geok anakumbatira bukulo pachifuwa, misozi ili chuchuchu.

Selvam anamuperekeza mpaka pakhomo, malangizo ali mbwee. "Chinyezi ndiye mdani wamkulu. Osaliika pafupi ndi ketulo yanu ija. Osagwira masitampa ndi zala, tengani kambaniro kanga aka. Mukalisamala, adzukulu a adzukulu anu adzalipeza momwemu."

Mayi Geok anamubwezera kambaniro kaja mwaulemu. Anakhazika kamgolo pansi, naikamo bukulo mosamala, kenako n'kuyamba kupapasa m'thumba la diresi lake.

"Mwataya chiyani?"

"Machesi, achimwene. Muli nawo? Anawa amutumizira galimoto munthu woti sankadziwa kuyendetsa. Ine ndikufuna ndimutumizire buku lake, kuti ndikamupeza kumeneko adzandifunsenso kuti tipite kuti."