Khoma Lomaliza

Khoma lomaliza la pabalaza litatsala pang'ono kutha, kunamveka odi. Mayi wa mwana anatsika pampando, khanda lili kumbuyo, burashi ikudontha penti wotuwira ngati mkaka. Mwamuna wake ndiye anabwera ndi pentiyo, ati mwana akulire m'nyumba yowala.

Analowa mzimayi wachilendo, maso ali mwambamwamba.

"Koma ndiye mwagwira ntchito, amayi! Mtundu wake ndi womwewu ndinawauza amuna anu tsiku limene anatigulitsa nyumbayi. Paja mukutuluka Loweruka, eti?"

Mlendoyo anaona kadontho ka penti pachidendene cha khandalo. Anakapukuta ndi mpango wake, pang'onopang'ono kuti lisadzuke.

"Ambuye," anatero mayi wa mwana chamumtima, koma pempherolo linathera pomwepo.

"Musatsamire khomalo," mayi wa mwana anamuuza mlendoyo. "Silinaume."