Msampha wa Nswala

Waya anali atadya kakolo mpaka fupa kuonekera. Unali mwendo wamanja, womwewo umene Silas ankamwetsera zigoli pabwalo la ku Chinzombo, anthu akukuwa kuti "Nswala! Nswala!" poona kudumpha kwake. Msampha unamukola akuthamanga m'kanjira ka m'thengo, kukonzekera kukayesedwa ku timu ya ku Chipata.

Maybin, mkulu wake, anagwada n'kuyamba kumasula. Zala zake zinaizindikira mfundoyo maso asanaione. Anaimanga yekha dzulo lake, kutchera nswala yeniyeni, kuti nyamayo igulire mng'ono wake nsapato za mpira.

"Akulu, thamangirani kwa masikauti," anatero Silas akukukuta mano. "Ali ndi galimoto. Phazili sindikulimva."

Maybin sanasunthe. Masikauti oteteza nyama a ku Lupande ankaidziwanso mfundoyo, ndipo anali atamuuza kale kuti akadzaipezanso, wake ndi unyolo.

Ntchentche zinayamba kutera pachilondapo. Maybin anaimirira, waya wamagazi ali m'manja, n'kuyang'ana njira ya kukampu ya masikautiwo.

"Akulu," Silas anaitana, maso ali kumbali. "Wayayo muyambe mwaponya mumtsinje wa Luangwa. Chigwa chonse chino womanga chonchi ndinu nokha."