Tsiku Limene Nkhalango Inayankha

Padangokhala, kalelo nyama zikadali ndi msika wawo, Njuchi ankagulitsa uchi patsinde pa mlambe. Aliyense ankangoti, "Tikagule Uchi wa Pamlambe." Koma ndi kutanganidwa kwakeko, dzinalo sanalilembetse.

Ntchentche anaonapo mwayi. Anasungunula shuga m'botolo kuti azioneka ngati uchi, n'kuulukira ku ofesi ya Njovu, wolemba mayina a mabizinesi.

"Bwana, lembani Uchi wa Pamlambe. Dzina langa limenelo!"

Njuchi anafika mochedwa, mungu uli mbuu m'miyendo. "Bwana, ndakalambira pamlambepo ine," anatero.

"Ndayamba kufika ndine!" anakuwa Ntchentche.

Njovu anali ndi lamulo lake: asanadinde chidindo, ankafunsa kaye nkhalango. Anakwera pachulu, n'kukweza chitamba.

"Uchi wa Pamlambe ndi wa yani?"

Kenaka mitengo yonse imene Njuchi ankaiyendera inagwedezeka popanda mphepo. Maluwa anayamba kugwa ngati mvula, oyera, ofiira, achikasu, onse pomwe anaima Njuchi, mpaka anakwiririka. Mbalame zinasiya kuimba. Njovu, ndi ukulu wake wonsewo, anagwada.

"Amayi," anatero kwa Njuchi motsitsa mawu, "munalembetsa kale pa duwa lililonse. Ine ndingodinda."

Mpaka lero, paliponse pamene Ntchentche watera, amayamba watikita manja, kupepesa.