Kachipsera pa Khutu la Mfumu

Mlamu wanga anang'amba envelopu ndi mano, ndalama yachitsulo yamakedzana n'kugwera patebulo. Wogulitsa wa pa intanetiyo, yemwe anandigulitsanso ine yotere, ndinamulozera ndine, ndikulumbira kuti ndi munthu wachilungamo.

"Tulutsani yanu ija tifananitse, alamu," anatero.

Ndinaziika pamodzi. Yanga inali ndi kachipsera pa khutu la mfumu yodindidwapo, kamene wogulitsayo anati kanabwera ndi khasu poifukula. Yakenso inali nako, malo omwewo, kupindika komweko.

Ndinadzuka, n'kukhalanso. Ndinatsegula foni. Mawu anga omuyamikira wogulitsayo anali akadali pamwamba penipeni pa tsamba lake, pansi pake anthu akundithokoza kuti nawonso agula.

Mlamu anazikankha ndalamazo ndi chala.

"Khasu limeneli lili ndi maso, alamu. Kawiri konse pakhutu pomwepo?"