Nyumba ya Malata ya ku Thuchila

Panali munthu wina, dzina lake Mackson, amene analakwira mkazi wake Anesi. Ndisabise, munthuyo ndine, koma ndilemba ngati za wina chifukwa cha manyazi.

Mu 1954 Mackson anabwerako ku Joni ndi tindalama ta kumigodi. Ukamwini unali utamutopetsa, kulima munda wa apongozi, kugona m'nyumba yaudzu. Anamva kuti kapitawo wina wa ku esiteti ya tiyi akugulitsa nyumba yakale yanjerwa, yamalata, pafupi ndi msika wa Thuchila. Munali m'chilimwe, makoma atangopakidwa laimu.

Anesi anagogoda thabwa la pakhomo ndi chala. "Bambo a Joice, mukumva? M'katimu ndi mphako, ndi chiswe ichi. Tidikire mvula, tiione bwino."

"Iwe wokulira pansi pa udzu, za malata uzidziwira kuti?"

Anagula. Tsiku losamuka, malume ake a Anesi anafunsa, "Akamwini, mwana wathu mukupita naye kuti osatipempha?"

"Sindine kapolo wa pamudzi pano," anatero Mackson, anthu akumva.

Mvula itayamba, nyumba inadontha ponseponse. Mmisiri atakwera padenga anatsika akupukusa mutu. "Achimwene, mitengo yonse ndi ufa. Khoma lakumbuyo lilibe maziko. Yonseyi njofunika kuyambiranso pansi."

Kapitawo uja anali atawoloka malire kupita kudziko la Apwitikizi. Mackson anagulitsa njinga, kenako suti. Kenako anagulitsa mbuzi zinayi za Anesi mwakabisira, n'kunama kuti zabedwa. Zonsezo zinangokonza chipinda chimodzi. Mu Febuluwale khoma lija linagwa, chimanga chonse n'kunyowa. Mwana wawo Joice anayamba kutsokomola osaleka.

Anesi anatumiza mawu kwawo opempha thandizo. Yankho linabwera lalifupi: "Mwana wathu ndi mdzukulu abwere. Wa malatayo akhale ndi malata ake."

M'mawa mwake Anesi anabereka Joice, n'kusenza mtolo. Mackson analibe chomuletsera, analibenso kopita. Anamutsatira mpaka pamsewu, n'kugwada m'matope, anthu opita kumsika akuona.

"Mayi a Joice, munanena zoona. Ndinakunyozani. Mbuzi zija sizinabedwe, ndinagulitsa ndine. Pepani."

Phunziro: Nyumba yakale osaigula m'chilimwe, ndipo mkazi wako akakuchenjeza, mvera. Usatukwane kumene ukuchoka. Mukawerenga, mupatseko mnzanu, makamaka obwera kumene ndi ndalama m'thumba.