Velo ya Mayi a Kunyumba

Telalayo atakweza simbi, velo ya ukwati ya mkazi wake, imene anaitenga mobisa m'sutikesi, inali itamatirira kale pa chovala chimene ankasoka. Pansi pake panali kaukonde ka guluu kamene anakapaka utoto wofiira, ndipo mtunduwo unkaonekera bwino m'nsalu yopyapyalayo. Izi ndiye ankazitcha luso, osati kusoka wamba.

Koma pokumbukira mwini velo, anayesa kuimatula ndi chikhadabo. Inang'ambika.

Mkazi wake analowa n'kuima kumbuyo kwake.

"Koma ndiye zakongola, abambo. Nsalu imeneyi mwaipeza kuti?"

"Zidutswa chabe," anatero katswiriyo.

"Ikuchita ngati velo yanga. Pajatu mwana wathu akuti adzavala yomweyo pa ukwati wake Loweruka. Mukamaliza munditsitsire sutikesi ija."

Bamboyo anatsitsanso simbi, n'kuyamba kusita pang'onopang'ono pamalo pamene anali atasita kale.