Pijo ya Fanwell Inachepera M'kamera

Panali munthu wina ku Kamitondo, mu Kitwe, dzina lake Fanwell Njobvu. Izi zinachitika mu 1969, kopa akuyenda malonda, ndipo amene anandiuza ankakhala naye moyandikana.

Fanwell anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zambiri. Atamukweza kukhala kapitawo, anagula galimoto ya Pijo yoyera kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Chimene ankachifunitsitsa chinali chithunzi cha galimotoyo choti atumize kwa mayi ake ku Katete.

Loweruka lina akuitsuka, panafika bambo wovala suti, kamera ili pakhosi. Anapereka moni m'Chibemba, koma atamva kayankhulidwe ka Fanwell anasinthira ku Chinyanja.

"Ndine Gordon, wojambula wa ku Ndola. Kwathu ndi ku Petauke. Galimoto yotere sajambulira pakhomo, achimwene. Taonani zovala pachingwe, mpanda, chimbudzi uko. Zonsezi zilowa m'chithunzi. Tipeze malo oyera."

Mkazi wa Fanwell, Emelda, anamuitanira m'nyumba.

"Atate a Lorna, munthuyu mukumudziwa? Pitani kusitudiyo ya kumsika, kumene anatijambula paukwati. Amene aja mawa mukawapeza pomwepo."

"Ndi wakwathu uyu," anatero Fanwell. "Usandichititse manyazi."

Anadikira mpaka folo koloko, chifukwa Gordon anati dzuwa la masana limathobwa galimoto yoyera. Kenako anapita pabwalo lina m'mbali mwa msewu wa ku Ndola, popanda nyumba ngakhale imodzi.

Ntchito yake Gordon ankaidziwa. Anapukuta magalasi a galimoto ndi mpango wake. Anachotsa mapepala amene anali pansi. Anagwada pakona ya galimoto, kamera ili molingana ndi magetsi akutsogolo.

"Galimoto saijambula ataimirira. Umatsika, kuti ioneke yaikulu. Koma yaima molakwika. Dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwa wojambula, ndipo matayala akutsogolo apotoke pang'ono. Itembenuzeni."

Fanwell anali atangophunzira kumene kuyendetsa. Poibweza m'mbuyo inamuzimira katatu. Thukuta linayamba kutsika.

"Dzuwa likutithawa," anatero Gordon. Anavula kamera n'kuiveka Fanwell pakhosi. "Gwirani bwino, ndi moyo wanga umenewu. Suzumirani pakagalasi aka. Ine ndiitembenuze. Ikadzaza bwino m'kagalasimo mundiuze."

Fanwell anapereka makiyi. Mumtima anati munthu sangasiye kamera yodula chonchi.

Anagwada, diso limodzi atatsinzina. M'kagalasimo anaona Pijo ikubwerera m'mbuyo bwinobwino, n'kutembenuka.

"Basi, yakwana pomwepo," anatero.

Galimoto inapitirira. Inayamba kuchepa m'kagalasimo. Iye anaganiza kuti Gordon akufuna malo okhotera. Inachepabe, mpaka inakwera phula. Pamene Fanwell ankachotsa diso pakamera, panali fumbi lokha.

Anakhala chigwadire nthawi yaitali. Kenako anaimirira n'kudikira, akudziuza kuti munthuyo wapita kukamwetsa petulo. Dzuwa litalowa, anaimitsa lole ya makala imene inamusiya kupolisi.

"Wandisiyira kamera yake," anauza wapolisi amene anali pakauntala. "Mwina mungamupeze ndi zithunzi zili m'katimo."

Wapolisiyo anaitsegula kumbuyo. Munalibe filimu, munalibe makina. Munali mwala wokulunga m'nsanza kuti izilemera.



Wapolisi uja anakoka dilowa ya tebulo. Munali makamera ena atatu, onse otsegula kumbuyo, iliyonse ndi mwala wake.

"Iyi ndi ya mphunzitsi wa ku Parklands. Iyi ya mwini sitolo wa ku Luanshya. Kwa uyu wojambulayo anali Mbemba wa ku Kasama, kwa uyu anali Mlozi. Kwa inu anali wa kuti?"

"Wa ku Petauke," anayankha Fanwell.

"Pofika pano galimoto yanu yaoloka malire. Ikani kamerayo m'menemo."

Pijoyo sinaonekenso.

Phunziro: Munthu akayankhula chiyankhulo chakwanu, ngakhale adziwe ntchito yake chotani, sindiye kuti ndi m'bale wanu. Makiyi sapatsa mlendo, ndipo mawu a m'nyumba mwanu musamawapeputse. Mukawerenga musasunge nokha, tumizirani abale ndi anzanu, makamaka amene angogula kumene galimoto.